KHANSA YA CHIŴINDI: KALE NDI LERO

Nkhani imene tikambirane lero ndi ya khansa ya chiŵindi. Ambiri a inu mudaonapo munthu wamphamvu zake, wa zaka 35 kapena 40, atayamba kudandaula ululu kumanja m'munsi mwa nthiti. Posapita nthaŵi munthuyo amaonda, maso amachita chikasu, mimba imatupa, ndipo pakatha miyezi yoŵerengeka pakhomo pagwa maliro. Pamaliropo anthu amanong'onezana kuti adadyetsedwa kuntchito kapena adalodzedwa ndi abale, ndipo chibale chambiri chatha chifukwa cha mawu otere. Tsono tiyeni tione chimene madokotala ankadziŵa kale, chimene akudziŵa lero, ndi chimene inu mungachite pakhomo panu.

Mmene zinaliri kale

Chiŵindi chimagwira ntchito mwakachetechete. Chimasefa zoipa m'magazi, chimasunga chakudya cha thupi, ndiponso chimapanga ndulu. Ngakhale mbali yake yaikulu itaonongeka, yotsalayo imapitiriza ntchito, motero mwini wake samva kanthu kufikira matenda atakula.

Pamene chipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timachitcha Gulupu, chinatsegulidwa mu 1958, zida zazikulu za dokotala pa matendaŵa zinali maso ndi manja ake. Iye ankakhudza pamimba, namva chiŵindi chachikulu, cholimba ndi chamabampu. Pofuna kutsimikiza ankayenera kutenga kachidutswa ka chiŵindi ndi singano, kapena kung'amba pamimba. Chotupa chimene dzanja lingachimve chimakhala chitakula kale. Chifukwa chake kaŵirikaŵiri wodwala ankabwezedwa kumudzi kuti akasamalidwe ndi abale, mankhwala amphamvu oletsa ululu palibe.

Kumigodi ya ku Joni, kumene makolo athu ambiri ankapita pa Wenela, madokotala anaona kuti khansayi inkagwira anyamata ambiri, makamaka ochokera ku Mozambique, pamene ku Ulaya inali yosoŵa ndiponso ya okalamba. Chifukwa chake sichinkadziŵika.

Mmene gwero lake linadziŵikira

Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo pafupifupi 100,000 zimene zinadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Ofufuza anapeza kuti mtedzawo unali ndi chuku, ndipo chukucho chinkatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiŵindi. Chuku chomwecho chimamera pa mtedza ndi chimanga chathu tikazisunga zisanaume.

Mu 1965 Dr Baruch Blumberg wa ku America anapeza m'magazi chizindikiro cha kachirombo kamene lero timakatcha hepatitis B. Kenaka Dr Palmer Beasley anatsatira amuna 22,707 ku Taiwan, ndipo mu 1981 analengeza kuti mwa amuna 41 amene anafa ndi khansa ya chiŵindi, 40 anali ndi kachiromboka. Kachirombo kena kotupitsa chiŵindi, hepatitis C, kanadziŵika mu 1989.

Tsono zinaoneka poyera kuti khansayi sigwa ngati mphenzi. Kachirombo ka hepatitis B kamaloŵa m'thupi kaŵirikaŵiri munthu akali wamng'ono, pobadwa kapena m'zaka zoyamba. Mwa makanda 10 otenga kachiromboka pobadwa, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse. Kamadya chiŵindi pang'onopang'ono kwa zaka 20 kapena 30, mwini wake akulima, akuyendetsa minibasi, akugulitsa mumsika wa Limbe, osadziŵa kanthu. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chuku ndi moŵa zikaonjezera pamenepo, chiŵindi chimaonongeka msanga.

Kuyeza kwa masiku ano

Lero dokotala sadikira kuti dzanja lake limve chotupa. Choyamba, kadontho ka magazi a pachala kamasonyeza m'mphindi zoŵerengeka ngati munthu ali ndi hepatitis B. Chachiŵiri, makina ounikira m'mimba, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera, amatha kuona chotupa chaching'ono popanda kuboola khungu. Chachitatu, pali kuyeza m'magazi chinthu chotchedwa AFP, chimene chimachuluka mwa odwala ambiri a khansayi. Njira imeneyi inatulukira ku Russia mu 1963 ndi 1964. Pakakhala chikaiko, makina akuluakulu a CT ndi MRI amaonetsa chotupa bwino lomwe. Amene chiŵindi chake chayamba kuuma ndi kuchita zipsera amalangizidwa kuunikidwa miyezi 6 iriyonse.

Katemera ndi mankhwala

Chosintha chachikulu koposa ndi katemera. Kuno ku Malaŵi katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kusikelo ya ana mu 2002, pamodzi ndi akatemera ena m'jekeseni imodzi, mwana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Umboni wa mphamvu yake uli pakhomo pathu pomwe. Kafukufuku amene anachitika ku Ndirande, wofalitsidwa mu 2022, anapeza kuti mwa anthu obadwa katemerayu asanayambe, 5 mwa 100 alionse anali ndi kachiromboka, koma mwa obadwa pambuyo pake anali 3 okha mwa 1,000. Zoonadi, m'mera ndi poyamba.

Koma taonani tanthauzo lina la ziŵerengerozi. Inu amene munabadwa chisanafike chaka cha 2002 simunalandire katemerayu paukhanda. Pamsonkhano wa akuluakulu 100, anthu ngati 5 ali ndi kachiromboka, ndipo ambiri a iwo sadziŵa.

Kwa otere thandizo liripo. Mankhwala otchedwa tenofovir, piritsi limodzi patsiku, amafooketsa kachiromboka ndi kuchepetsa ngozi ya khansa. Ndi amodzi mwa mankhwala amene ali m'ma ARV. Sachotsa kachiromboka kotheratu, choncho woyamba kumwa asaleke yekha. Ndipo dokotala ndiye amaona amene ayenera kuyamba. Hepatitis C tsopano imachizika ndi mapiritsi a masabata 12. Magazi opatsa odwala nawonso amayezedwa tizirombo timeneti ndi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003.

Khansa ikapezeka

Pano tinene zoona zokhazokha. Chotupa chikapezeka chikali chaching'ono, madokotala angachidule, pakuti chiŵindi chimaphukanso, kapena angachiotche ndi singano yamoto. Kumuika munthu chiŵindi china kunatheka koyamba mu 1967 ku Denver, ndipo lero kumachitika ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Kuyambira 2007 kuli mankhwala ochedwetsa khansa yokula, koma amangoonjezera miyezi. Thandizo lotere ndi lodula, ndipo ambiri a ife sitingalifikire. Odwala ambiri amafikabe kuchipatala mochedwa, matenda atapitirira.

Ngakhale zitatero, mawu akale aja akuti palibe chochita adatha. Kuyambira 2003 pa Gulupu pali kiliniki ya Tiyanjane, yosamalira akuluakulu odwala matenda osachiritsika. Morphine wamadzi, wakumwa, amathetsa ululu waukulu, ndipo akaperekedwa monga mwa malangizo safupikitsa moyo. Madzi odzaza m'mimba amachotsedwa kuti wodwala apume bwino. Anamwino amaphunzitsa abale kasamalidwe ka wodwala kunyumba. Wodwala wopanda ululu amagona tulo, amacheza ndi ana ake, nakonza za banja lake mwaulemu. Musagulitse mbuzi ndi malata kufunafuna wolodza. Ndalamazo zisamale wodwala ndi ana.

Zimene banja lirilonse liyenera kuchita

1. Ngati munabadwa chisanafike 2002, kafunseni za kuyezetsa hepatitis B pachipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Ndirande, Limbe, Bangwe, Zingwangwa kapena Chilomoni. Safunsa adadya phula.

2. Wina akapezeka ndi kachiromboka, kapena akamwalira ndi matenda a chiŵindi, mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi abale ake a bere limodzi akayezetse. Musamusale. Kachiromboka sikafala podyera mbale imodzi kapena popatsana moni; kamafala kupyolera m'magazi, pogonana, ndi pobereka.

3. Mayi woyembekezera apemphe kuyezedwa kusikelo, ndipo akachirire kuchipatala. Pali njira zotetezera mwana.

4. Mwana amalize akatemera onse atatu. Onani m'buku lake la kusikelo usiku uno.

5. Musabwerekane lezala, msuwachi kapena singano. Musalole kutemedwa mphini ndi lumo limene latema wina.

6. Umitsani bwino mtedza ndi chimanga musanasunge, ndipo matumba asakhudze pansi. Musawaze madzi pa mtedza pofuna kuuswa. Mtedza wofota, wobooka, wachuku kapena woŵaŵa utayidwe; usasinjidwe nsinjiro kapena chiponde ngakhale utsike mtengo pamsika, pakuti kuphika ndi kukazinga sikupha poizoni wake.

7. Chepetsani moŵa, makamaka kachasu. Amene ali ndi kachiromboka ausiyiretu.

8. Ululu wa kumanja m'munsi mwa nthiti, kuonda popanda chifukwa, chikasu m'maso, kapena kutupa mimba, zikupititseni kuchipatala sabata yomweyo.

Amayi ndi abambo, makolo athu ankaidziŵa khansayi pa mapeto ake okha. Ife tapatsidwa mwayi woona chiyambi chake zaka zambiri isanafike. Mukabwerera kunyumba, kambiranani ndi a m'banja mwanu, ndipo musankhe tsiku lokayezetsa. Kupeŵa kumaposa kuchiza.