KAFINYIDWE KABWINO KA MADZI A ZIPATSO

Awa ndi mau a mlangizi wa zaulimi kwa mabanja a ku Zemba, m'boma la Chadiza.

Mwezi wa Disembala ukafika, mitengo ya mango m'midzi ya ku Zemba imalemedwa ndi zipatso, ndipo zambiri zimangoolera pansi. Nyengo yomweyo nkhokwe zimapepuka, ana nayamba kuonda. Banja lodziwa kufinya madzi a zipatso lipeza thandizo m'zinthu zimene ena angoziponda. Koma madziwo apatsa moyo pokhapokha akakhala aukhondo ndi kumwedwa tsiku lomwelo. Apo ai, abweretsa matenda m'nyumba.

M'mango muli vitamini A, wothandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda. Poona kusowa kwa vitamini ameneyu pakati pa ana, Boma la Zambia linalamula m'caka ca 1998 kuti azithiridwa mu shuga wa m'masitolo. Koma mu mtengo wa pakhomo alimo waulere. Magwafa, malalanje, mandimu ndi malambe ali ndi vitamini C, amene athandiza zilonda kupola ndiponso athandiza thupi kupindula ndi ndiwo zamasamba pokonza magazi.

Mabanja ena agula makina ofinyira ku Chipata, namawayendetsa ndi magetsi a dzuwa. Ambiri ali ndi sefa, mpeni ndi nsalu yoyera. Malamulo ace ndi amodzi kwa onse.

1. Kusankha. Mai athyole zipatso zakupsya bwino mu mtengo. Zotola pansi kawirikawiri zili ndi mphutsi ngakhale khungu lioneke losalala. Akulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Cipatso cimodzi coola ciononga mbale yonse.

2. Kutsuka. Wofinya asambe m'manja ndi sopo, natsuke zipatso asanazisende. Madzi otsukira ndi osungunulira akhale ophitsa ndi kuziziritsa, kapena othira klorini. Kolera amene anabuka m'Zambia mu Okutobala 2023 anacedwetsa kutsegula sukulu kufikira Febuluwale 2024, ndipo njira yace yaikulu ndi madzi auve ndi manja osasamba. Nyengo ya mango ndiyo nyengo ya mvula ndi nchenche, cifukwa cace pafunika ceru.

3. Kufinya. Mango asendedwe, mnofu udulidwe tizidutswa, njere icotsedwe, pakuti ikalowa m'makina iononga mipeni. Mango aulusi apitirizidwe pa sefa. Magwafa asefedwe cifukwa ca njere zace zolimba. Lalanje lipereka madzi ambiri munthu akayamba walikunkhuniza patebulo ndi cikhato. Malambe aviikidwe m'madzi ofunda mpaka ufa ulekane ndi njere. Mwini makina aikemo zipatso pang'onopang'ono, nawapumitse akatentha. Mnofu wotsala pa sefa usatayidwe. Uthiridwe m'phala la ana.

4. Shuga. Mango wakupsya ndi wozuna kale. Shuga wambiri aononga mano, ndipo wodwala nthenda ya shuga acita bwino kudya cipatso cathunthu koposa kumwa madzi ace.

5. Kusunga. Madzi afinyidwe a muyeso wa banja, avundikiridwe, aikidwe pamthunzi. Akakhalitsa, vitamini C amacepa ndipo madziwo amasasa. Dontho la ndimu liwathandiza kusunga maonekedwe ao. Asaikidwe m'cibekete ca lata, pakuti zowawasa zimadya citsulo. Madzi ocita thobvu kapena onunkha ngati moa atayidwe.

6. Zida. Sefa, nsalu ndi mipeni ya makina zitsukidwe nthawi yomweyo, ziyanikidwe pathandala padzuwa. Zotsalira zikaumira m'timabowo ta sefa zimacita nkhungu.

Potsiriza, za ana. Khanda losafika miyezi 6 liyamwe bele lokha, ndipo mwana wosakwana caka apatsidwe cipatso cofinya ndi supuni m'malo mwa madzi ace. Mwana wotsegula m'mimba asamwetsedwe madzi ozuna. Apatsidwe ORS, napite naye kucipatala msanga.

Mitengo anabzala makolo, ndipo ibala caka ndi caka osapempha feteleza. Nchito yotsalira mabanja a ku Zemba ndi ya madzi oyera, manja oyera ndi cibvundikiro. Banja losunga zitatu izi lidzaoloka dzinja ndi ana amphamvu.