Diso Likalimba Atacotsa Ng'ala

Lero ndifuna kulankhula nanu za anthu amene acotsedwa ng'ala m'maso. Nchito imeneyi madotolo amaicita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Nkhoma, ku Zomba ndi ku Mzuzu, ndipo nkhalamba zambiri zimene zinali kuyenda cogwiridwa dzanja zilikupenyanso. Koma pali cinthu cimodzi cimene cikhoza kuononga nchito yabwinoyi.

M'kati mwa diso muli madzi oyera amene amatumphuka usana ndi usiku monga kasupe, natuluka pa tingalande tating'ono ta m'mphepete mwa mbali yakuda ya diso. Tingalandeto tikatseka madzi amacuruka, ndipo diso limalimba ngati mpira wopopa kwambiri. Dotolo ali naco cipangizo coyesera kulimbaku. Diso labwino limakhala pakati pa 10 ndi 21. Likapitirira kwambiri, mtsempha wopita ku ubongo umayamba kufa, ndipo mtsempha umenewu ukafa palibe mankhwala oudzutsa.

Cimatseka tingalandeto nciani? Coyamba, pocotsa ng'ala dotolo amathira m'diso mankhwala olenda ngati therere kuti diso lisaphwe. Potsiriza amawacotsa, koma pang'ono akatsalira amatseka njira, makamaka pa tsiku loyamba. Magazi ndi kutupa zimacitanso cimodzimodzi. Cizindikiro cace ndi ici: diso kupweteka kwambiri, mutu kuwawa mbali yomweyo, mseru kapena kusanza, kupenya ngati muli nkhungu, ndi kuona utawaleza pozungulira nyali. Mukaona izi musadikire tsiku limene anakulemberani ai. Bwererani ku cipatala msanga.

Caciwiri ncobisika. Mankhwala odontheza m'diso oletsa kutupa, ochedwa steroid, amalimbitsa diso mwa anthu ena patapita masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo kawiri-kawiri munthu samva kupweteka konse. Ndico cifukwa cace dotolo amati mubwerenso ngakhale mulikupenya bwino. Musaleke mankhwalawo mwa inu nokha, musagule ena akatha, ndiponso musapatseko mnzanu.

Cithandizo ciripo. Dotolo amapereka madontho monga timolol, kapena mapiritsi a acetazolamide, ndipo nthawi zina amatulutsako madzi pang'ono pa bala lomwelo. Ngati muli ndi mphumu kapena nthenda ya mtima muuzeni, pakuti timolol angakupwetekeni. Muuzeninso ngati inu kapena abale anu muli ndi nthenda ya glaucoma. Madzi a zitsamba, mkaka wa m'mawere kapena shuga musathire m'diso lopangidwa opareshoni.

Aphunzitsi, ambiri ocotsedwa ng'ala ndi okalamba osadziwa kuwerenga. Awerengereni kapepala ka ku cipatala ndi kuwakumbutsa tsiku lobwerera. Mafumu, uzani anthu anu kuti asunge ndalama ya ulendo waciwiri asanapite ulendo woyamba.