Chikwama Chokha Sichiziziritsa Mkaka

Ambiri mwafunsa za zikwama zofewa zosungiramo zinthu zozizira zomwe zikugulitsidwa m'misika. Timvetsetsane: chikwamachi sichiziziritsa kanthu, chimangotchinga kutentha kwa panja. Mkaka umatuluka m'ng'ombe uli pa madigiri pafupifupi 38, ndipo mukautsekeramo uli wofunda umasasa msanga. Kuti usungike uyenera kutsika kufika pa madigiri 4. Choncho ikani chigubu cha mkaka pakati pa mabotolo a madzi oundana, tsekani zipi, chikwamacho chikhale pamthunzi.

Nanga madzi oundanawo tiwapeza kuti kumudzi kopanda magetsi? Apa ndiye pagona nkhani. Tiyeni bungwe lathu likakamize boma kuika mafiriji a sola m'magulu athu a mkaka, kuti thukuta lathu lisamathere panjira.