MWANA AKADWALIKA: ZIMENE ANAMWINO AMAYAMBA KUONA

Ena mwa inu mwayenda mtunda wautali mwana ali kumsana, ndipo munalawirira m'mamawa kuti mukhale patsogolo pa mzere. Nchifukwa chake mtima umawawa mukaona anamwino akukudutsani nonse ndi kukatenga mwana wa mayi amene angofika kumene. Mwina mumanena chamumtima kuti ameneyo ndi mbale wawo. Iyayi amayi, si chibale. Mwana ameneyo akatsalira pa mzere akhoza kutisiya nthawi yake yoonana ndi adokotala isanakwane.

Njira imene anamwino amatsata poona ana odwalika inayesedwa kwambiri pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kunkagwira ntchito dokotala wa ana Elizabeth Molyneux. M'chaka cha 2005 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mabuku ophunzitsira njirayi m'maiko ambiri. Anamwino amaona zinthu zinayi motsatana, kuyambira chimene chimapha msanga. Akapeza choopsa pa chimodzi, amayamba kuthandiza pomwepo asanapitirire.

Choyamba ndi kapumidwe, pakuti munthu wopanda mpweya sakhala mphindi zambiri. Kodi pakhosi patsekeka ndi mtedza, njere ya chimanga kapena masanzi? Kodi lilime ndi milomo zada? Kodi mwana akubanika, m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akukoka mpweya? Mwana wotere amamkhazika bwino ndi kumpatsa mpweya wa okosijeni. Ngati sali pangozi yotere, pambuyo pake amawerenga kupuma kwake kwa mphindi imodzi ali phee. Khanda losakwana miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kuposerapo, wa miyezi 2 kufikira chaka akapuma ka 50, ndipo wa chaka kufikira zaka 5 akapuma ka 40, ndiye kuti akupuma mofulumira, ndipo kawirikawiri chimakhala chibayo.

Chachiwiri ndi kayendedwe ka magazi. Mukaona anamwino agwira dzanja la mwana, sakumpatsa moni chabe. Akufuna kumva ngati lazizira. Kenaka amapana chikhadabo mpaka chiyere, ndi kuchisiya. Kufiira kukachedwa kubwerera kupitirira masekondi 3, ndipo mtsempha wa pamkono ukugunda mofulumira koma mofooka, ndiye kuti magazi sakufika bwino m'thupi lonse. Amaonanso zikhatho. Zikayera mbee, mwana wachepa magazi, ndipo kuno kwathu zimenezi zimadza kawirikawiri chifukwa cha malungo.

Chachitatu, amaona ngati mwana ali maso. Amamuitana dzina, amamgwedeza pang'ono, ndipo akapanda kuyankha amamtsina. Musakwiye, si nkhanza. Mwana wosamva ngakhale kutsinidwa wakomoka. Iyeyu, pamodzi ndi amene akuphiriphitha, amamgoneka chammbali kuti asatsamwe, ndipo amambaya kachala kuti ayeze shuga ndi malungo. Mwana amene wakhala osadya kapena osayamwa shuga wake amatsika msanga, ndipo zimenezi zimavulaza ubongo.

Chachinayi ndi madzi a m'thupi, makamaka kwa mwana wotsegula m'mimba. Amaona ngati maso alowa m'kati ndiponso ngati mwana walefuka. Amakoka khungu la pamimba ndi kulisiya. Likatenga nthawi yopitirira masekondi 2 lisanabwerere, madzi atha kwambiri, ndipo mwana afunika kumuika diripi.

Pali ana enanso amene sali pangozi ya nthawi yomweyo koma sayenera kudikira kumapeto kwa mzere: khanda lodwala losakwana miyezi 2, mwana wotentha thupi kwambiri, wopsa ndi moto kapena phala, womwa parafini kapena mankhwala a m'munda, wovulala, woonda kwambiri, wotupa mapazi onse awiri, ndi amene wabwera ndi kalata yochokera ku chipatala china.

Nanga inu amayi mbali yanu ndi yotani? Anamwino ali ndi maso awiri okha, ndipo mwana amene mwamfunditsa nsalu kumsana sangamuone. Inu ndinu amene mudziwa kuti dzulo ankasewera koma lero sakudzuka. Mwana akakana bere kapena kulephera kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akamagona osadzutsika, kapena akamapuma movutika, musadikire kuti kuche, ndipo musadikire tsiku la sikelo. Ngati abambo ali kutali, nyamukani ndithu, uthenga uwapeza. Pa njira pitirizani kumuyamwitsa ngati angathe kumeza, ndipo ngati akutsegula m'mimba m'mwetseni Thanzi ORS pang'onopang'ono. Koma wokomoka musamthire kanthu kalikonse m'kamwa, ndipo musamuike supuni kapena chala pakati pa mano.

Mukafika, musakhale pansi kumapeto kwa mzere chifukwa cha ulemu. Masulani mwana, pitani kwa anamwino kapena wantchito aliyense wa pachipatala, ndi kunena momveka kuti, "Mwana wanga wadwalika." Buku lake la kuchipatala likhale m'manja. Akakufunsani, yankhani mwachidule: matenda anayamba liti, anayamwa kapena kudya komaliza liti, wakodza kapena ayi, ndiponso mwampatsa mankhwala anji. Ngati munagula mankhwala pa okala kapena munampatsa achikuda, nenani osabisa. Anamwino sakufunsa kuti akudzudzuleni, koma kuti mankhwala amene apereke asalimbane ndi amene ali kale m'thupi.

Ngati mwana anali bwino pofika koma wasintha muli pa mzere, imirirani ndi kukanenanso. Mukaonanso mwana wa mnzanu ali lefu, mayi ake akuchita manyazi kulankhula, aperekezeni kwa anamwino ndipo apatseni njira. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lero mwapatsa njira mnzanu, tsiku lina ena adzapatsa njira inu.

Tsopano amene ali ndi funso afunse, tisanayambe kukweza ana pa sikelo.