MAU A ZA UMOYO: MITSEMPHA YODYETSA MTIMA

Nkhani ya lero ndi ya mitsempha imene idyetsa mtima.

Ambiri adziwa kuti mtima ndiwo upopa mwazi kunka m'thupi lonse. Koma owerengeka okha adziwa kuti mnofu wa mtima sukhuta ndi mwazi wodutsa m'kati mwace. Mnofu umenewu ngwocindikala, ugunda kokwanira 100,000 pa tsiku, ndipo uli ndi mitsempha yaceyace iwiri, wa kumanja ndi wa kumanzere. Yonse iwiri icokera pa tsinde la mtsempha waukulu wochedwa aorta, niyanga pamwamba pa mtima monga mizu.

Munthu akamakula, mafuta amaunjikana m'zipupa za mitsemphayi ndipo njira ya mwazi imacepa. Fodya, nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa mwazi zimafulumiza bvuto limeneli. Mtsempha ukatsekeka, mbali ya mtima imene umadyetsa imasowa mpweya, niyamba kufa.

Komatu pali tinjira tina. Mlatho wa pa mseu ukakokoloka ndi madzi, anthu salekeratu ulendo, amafuna kanjira ka mapazi kotulukira pa dooko. Mu mtima namonso muli timitsempha tating'ono zedi tolumikiza mtsempha wina ndi unzace. Richard Lower, dokotala wa ku England, analemba za ito m'caka ca 1669, ataona kuti madzi othiridwa mu mtsempha umodzi anafika mu winawo.

Tinjira timeneti tisiyana pakati pa nyama. Mbira zoweta zija ziri nato tambiri, kotero kuti mtsempha umodzi utamangidwa mtima wace suonongeka. Nkhumba iri nato tocepa ndithu. Anthu nawo salingana. M'caka ca 2003 madokotala a ku Bern, m'dziko la Switzerland, anayesa anthu amene mitsempha yao inali yabwino poitseka mphindi imodzi, napeza kuti mmodzi yekha mwa anai kapena asanu anali ndi tinjira tokwanira kudyetsa mtima.

Pamene pagona nkhani ndi apa: kanjira kamakula ndi kupondedwa. Mtsempha ukamatsekeka pang'ono-pang'ono, mwazi umakakamira m'timitsempha tija, ndipo pa masabata ndi miyezi timatambasuka. Ncifukwa cace nkhalamba ina ipezeka ndi mtsempha wotsekekeratu koma ikali kulima. Koma mwazi ukaundana mwadzidzidzi, tinjirato tiribe nthawi yakukula. Mnofu uyamba kufa pasanathe theka la ora, ndipo pofika maora 6 wambiri umakhala utaonongeka. Mnofu wakufawo sumeranso, pamangotsala cipsera.

Tsono munthu akamva cifuwa cikupana ngati wasanjikidwa mwala, ululu ukufika ku dzanja la manzere kapena ku nsagwada, thukuta lozizira likutuluka, mpweya ukupereŵera, asanene kuti ndi cilungulira cabe, ndipo kudikira kuti kuce nkulakwa kwakukuru. Anyamulidwe msanga kunka ku cipatala, asayende yekha kapena kupalasa njinga. Abale adziwenso kuti okalamba, amai ndi odwala shuga nthawi zina samva ululu weni-weni, amangofooka, kucita nseru ndi kubanika, ndipo iwonso ayenera kutengeredwa ku cipatala tsiku lomwelo.