MTSOGOLERI WA NYIMBO WA KU JAPAN

Kwanuko mudziwa kuti pagule ng'oma zimakhala zingapo, koma pali imodzi imene zinzace zonse zimamvera. Lero ndikamba za Bambo Seiji Ozawa wa ku Japan, amene nchito yace inali yonga ya ng'oma imeneyo. Iye anali kuima patsogolo pa anthu ofika 100 oliza zoimbira zamitundumitundu, nawatsogolera ndi manja ace okha.

Ozawa anabadwa m'caka ca 1935 ku Mukden, m'dziko la China, kumene makolo ace anali kukhala. Ali mnyamata anafuna kukhala woliza piyano, koma anathyoka zala ziwiri pa masewera a rugby. Pamenepo anayamba kuphunzira kutsogolera oimba kwa mphunzitsi wochuka, Hideo Saito. Mu 1959 anapita ku Ulaya pa combo ca katundu, napambana mpikisano wa atsogoleri a nyimbo ku Besançon, m'dziko la France.

Kupambana msanga kuli ndi zobvuta zace. Mu 1962, ali ndi zaka 27 zokha, anasemphana ndi oimba a gulu la wailesi ya NHK ku Tokyo. Ambiri a iwo anali akulu kwa iye, ndipo anakana kuimba pansi pa dzanja lace. Taganizani, abale: mtsogoleri wotere alibe mau aceace. Oimba akamkana, manja ace angopalasa mphepo. Panapita zaka zoposa 30 asanaimenso pamaso pa gululo, mu 1995.

Kunja anamlandira. Anatsogolera gulu lalikuru la ku Boston, ku America, zaka 29, kucokera mu 1973 kufikira mu 2002. Koma kwao sanakuiwale. Mu 1984 anasonkhanitsa ophunzira a Saito, napanga gulu lokumbukira dzina la mphunzitsi waoyo. Mu 1998, pa masewera a Olympic ku Nagano, anatsogolera nyimbo ya Beethoven, makwaya a ku Cape Town, Berlin, Beijing, Sydney ndi New York akuimba naye pa nthawi imodzi.

Anamwalira ku Tokyo mu 2024, ali ndi zaka 88. Inu anyamata otsogolera makwaya m'macalici ndi m'masukulu, luso lokha silikwanira. Mutu umodzi susenza denga. Ndiponso inu akuluakulu, mwana waluso mumlangize, musamthamangitse. Tsalani bwino.