KUVALA BWINO NDI NDALAMA ZOCHEPA

Mau amene Mlembi wa bungwe la amai a ku Liwaladzi analankhula pa tsiku lokumbukira kuyamba kwa bungweli

 

Komiti inatipempha kuti tinenepo za kavalidwe ka mai ndi banja lake m'masiku ano a ndalama zosowa. Ena anganene kuti nkhani ya nsalu njaing'ono. Koma tonse tidziwa makomo amene mpunga wa chaka chonse unathera pa zitenje ndi nsapato, ndipo pofika Januwale ana anasowa makope, mphika nukhala osatereka. Tidziwanso amai amene analowa katapila chifukwa cha nsalu ya ukwati wa eni ake. Tsono mau athu lero ndi amodzi okha: chobvala chotchipa ndi chimene tachibvala masiku ambiri, osati chimene tangopereka ndalama zochepa pogula.

KUMENE TACHOKERA

Kuno kwathu nsalu sinakhalepo chinthu chamasewera. Makolo athu akale ankabvala zikopa ndi nyanda yosula kuchokera ku khungwa la mtengo wa mombo. M'zaka za m'ma 1800, a Jumbe atakhazikika pa Nkhotakota, ngalawa zao zinkabwera ndi nsalu za merikani ndi kaniki, ndipo nsaluzo zinkasinthidwa ndi minyanga ya njobvu, ngakhalenso ndi anthu. Inde, anthu anagulitsidwa ukapolo pa gombe lathu lomweli chifukwa cha mikwamba ya nsalu. Tizikumbukira zimenezo tikamafuna kutaya chitenje chifukwa changong'ambika pangodya.

Dziko litalandira ufulu, fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, ndipo inkaomba nsalu ndi thonje la alimi a m'dziko momuno. Inu amai aakulu mukumbukira kuti masiku amenewo munthu ankagula nsalu m'sitolo napita nayo kwa telala wa pakhonde, kapena kusoka yekha pamanja. Fakitale ija boma linaigulitsa kwa a Mapeto mu 2003. Pamenepo nkuti kaunjika atadzaza kale m'misika, ndipo ambiri a ife tinali titaika singano pansi, poti diresi losokasoka linali kupezeka pa mtengo wa mbale ya usipa.

Koma kaunjika amachokera kunja, ku Ulaya, ku America ndi ku China, ndipo amalonda amaitanitsa mabelo ndi ndalama zakunja. Nchifukwa chake pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mtengo wa belo unakwera, ndi ife ogula kamodzikamodzi tinamva kuwawa. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za mitengo yomweyi. Amai anzathu, mtengo wa belo sitingautsitse ife a ku Liwaladzi. Chimene chili m'manja mwathu ndicho kusankha bwino, kusoka ndi kusamala.

POGULA CHITENJE

Tiyambe ndi masamu ochepa, ongoyerekeza. Mai wina wagula chitenje cha K6,000, ndipo pa miyezi 4 chasuluka ndi kung'ambika. Mnzake wapirira, nasunga mpaka K12,000, nagula chimene chakhala miyezi 24. Woyamba uja chitenje chake chamudyera K1,500 pa mwezi, wachiwiriyu K500 yokha. Nanga anagula chotchipa ndani?

Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitenje chimene chiwala kwambiri pamsika kawirikawiri chimakhala chodzaza ndi sitachi, ndipo chikangolawa madzi chimasanduka ngati sefa. Tsono tisachite manyazi kuyesa nsalu pamaso pa wogulitsa. Tiifikise pangodya ndi zala: ikatuluka kafumbi koyera, ndi sitachi ameneyo. Tiikweze kudzuwa: ngati tikuona nkhope ya mnzathu kuseri kwake, ulusi wake ngwotalikirana. Tiitembenuze: nsalu yabwino maluwa ake amaoneka pafupifupi chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Tinyowetse kansalu koyera nkukapaka pamaluwapo: kakatenga mtundu, tidziwe kuti chitenjecho chidzasuluka ndi kudetsanso zobvala zina m'beseni.

Pali kuyesa kwina kumene tingachite tikafika kunyumba. Tisolole ulusi pang'ono m'mphepete nkuuyatsa ndi machesi. Ulusi wa thonje umanunkha ngati pepala lopsa nusiya phulusa lofewa. Wa nailoni ndi poliyesitala umasungunuka nuuma ngati kamkanda kolimba. Ichi nchofunika kwa ife ophika pa mafuwa ndi pa mbaula, pakuti nsalu yotereyi ikagwira moto imasungunukira pathupi nimata pakhungu. Mwana wokwawa ndi mai amene ali pamoto abvale za thonje. Ndiponso m'dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno thonje limamwa thukuta, pamene nailoni amangotiphika.

PA MULU WA KAUNJIKA

Kuona maso a nkhono nkudekha. Tisapite pamsika tisanalembe chimene chikusowa pakhomo ndi ndalama zimene tingaononge, ndipo zotsalazo tizisiye kunyumba. Miyezo ya ana tiitenge pa kachingwe komanga mfundo, kuti tisagule mongoganizira.

Tsiku lotsegula belo pamakhala zabwino koma mtengo uli pamwamba. Pakapita masiku, kapena dzuwa likapendeka wogulitsa akufuna ya galimoto, mtengo umatsika. Majuzi ndi mabulangete tigule m'nyengo yotentha pamene palibe wowafuna, osadikira mwera wa mu Juni. Chobvala chilichonse tichitembenuze, tione m'khwapa, pakolala, pakati pa miyendo, pazipi ndi m'misoko. Msoko wosomphoka si kanthu, tidzasoka. Batani losowa si kanthu, koma ndi chifukwa chabwino chotsitsira mtengo. Koma nsalu yokhayo ikakhala yofumbwa, yoti ukaikoka pang'ono imalira, tiisiye ngakhale atatipatsa ulele.

Mai wodziwa singano amayang'ana kukula kwa nsalu koposa fashoni. Diresi lalikulu la mzungu wonenepa, limene aliyense akulidutsa, muli madiresi awiri a ana. Nsalu yoyala pabedi imatulutsa mapitikoti ndi zobveka mapilo. Juzi lakale tingalimasule, kuchapa ulusi wake, nkulukira khanda chipewa ndi masokosi. Kabudula wam'kati yekha ndi zina zobvala m'kati, izo tigule zatsopano kapena tisoke tokha. Ndipo chilichonse chochokera pa mulu chichapidwe ndi sopo, chiume padzuwa, chisitidwe, mwana asanachibvale.

SINGANO NDI SIMBI

Nyumba iliyonse ikhale ndi kachitini ka singano, ulusi wakuda ndi woyera, sizasi, ndi mabatani ochotsa ku zobvala zakutha. Zengerezu analinda kwaukwau: kabowo kamene tikanasoka Lolemba kamakhala chigamba chachikulu pofika Loweruka. Kolala ya malaya a bambo ikaperepeseka, tiisomphole, tiitembenuze, tiisokenso, malayawo ayambanso moyo wina. Posoketsa yunifolomu ya sukulu timuuze telala asiye mpendero waukulu m'munsi, kuti mwana akatalika tingoumasula. Ndipo zidutswa zotsala kwa telala nzathu, tizizipempha, pakuti tinazilipira.

Pochapa kunyanja tisamenyetse chitenje pamwala kapena kuchikhula ndi mchenga, chifukwa ulusi umaduka. Zamaluwa tiziyanika motembenuza, pamthunzi pamene pakupita mphepo, popeza dzuwa la kuno limadya mtundu msanga. Tisayanike pansi. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa dothi ndi pa zobvala zonyowa, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu nkutupa ngati chithupsa, makamaka pa ana. Chingwe ndi simbi yotentha ndiwo mankhwala ake, ndipo matewera asitidwe mbali zonse ziwiri. M'dzinja tisapinde chobvala chisanaumitse, chingachite chuku, ndipo dzuwa likatuluka titulutse za m'sutikesi zipitidwe mphepo.

Sitachi wa duku ndi bulauzi ya bungwe sitiyenera kugula, ife eni chinangwa. Tisende chinangwa, tichipere kapena kuchisinja, tithire madzi nkufinya pa nsalu yoyera. Madzi oyerawo akadikha, pansi pamatsala phala loyera. Titaye madzi apamwamba, phalalo tiyanike liume. Pa tsiku lochapa tisungunule supuni imodzi m'madzi ozizira pang'ono, tithire madzi owira tikutakasa, kenaka tionjeze ozizira nkubviikamo chobvalacho. Tichisite chikali chachinyontho pang'ono. Bulauzi ya zaka 5 idzaima ngati yadzulo.

ZA KHUNGU NDI TSITSI

Apa tilankhule ndi inu asungwana ndi amai achitsikana. M'misika mwadzaza mafuta oyeretsa khungu. Ambiri a iwo muli mankhwala oopsa, monga mercury ndi hydroquinone, ndi ena amene madokotala amapereka pa matenda okha. Poyamba munthu amayera nasangalala. Pambuyo pake khungu limapyapyala, m'masaya mumada ngati mwapsa ndi moto, zipsera sizipola msanga, ndipo nkhope ndi mapazi zimakhala za anthu awiri. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limachenjeza kuti mercury amaononga impso ndi mitsempha, ndipo angapweteke mwana amene ali m'mimba. Ndiye kuti tapereka ndalama mwezi ndi mwezi kugula matenda. Khungu lakuda losamba bwino ndi kudzola mafuta wamba nlokongola, ndipo limapirira dzuwa la kunyanja. Amene munayamba kale mafutawa, pitani kuchipatala akakuthandizeni kasiyidwe kake, musachite manyazi.

Tsitsi nalonso lisatidyere ndalama ya ndiwo. Kulukana tokhatokha pakhonde madzulo sikulira kanthu koma chipeso ndi ulusi. Koma tisakoketse kwambiri, makamaka pa ana, chifukwa tsitsi la pamphumi likathothoka nthawi zina limaleka kumera.

NTCHITO ZA MANJA

Zidutswa za nsalu zija tikazilumikiza zimasanduka chofunda cha mwana, chikwama cha mabuku, kapena chogwirira mphika. Tinsanza todula motalika tikatilowetsa m'thumba la feteleza lochapa bwino timapanga chopondera pakhomo. Zidutswa za thonje zofewa tingasokere ana athu aakazi nsalu za kumwezi zochapa nkugwiritsanso ntchito, kuti asajombe ku sukulu masiku amenewo posowa ndalama ya zogula m'sitolo. Mlaza ndi bango tili nazo pafupi, ndipo alipo pakati pathu agogo odziwa kuluka mikeka ndi kusoka mphasa. Tiwapemphe atiphunzitse akali ndi maso, pakuti luso limeneli likapita nao kumanda sitidzaligula kulikonse.

Amene afuna kugulitsa, awerengere ulusi, nsalu, ulendo ndi masiku amene wagwira ntchitoyo asanatchule mtengo. Ambiri timagulitsa moluza chifukwa cha manyazi. Msika wa ku Dwangwa pakutha pa mwezi, antchito a kumunda wa nzimbe atalandira, ndi pabwino kuyambira, ndipo m'modzi anganyamule katundu wa anzake asanu kuti ya galimoto ichepe.

ZIMENE TIKUPEMPHA

Mutu umodzi susenza denga. Komiti ikuika pamaso panu zinthu zitatu kuti tikambirane pa msonkhano ukudzawu. Choyamba, kamodzi pa mwezi tikatha msonkhano tizikhala ora limodzi ndi singano, aliyense abwere ndi chobvala chong'ambika ndi msungwana m'modzi woti aphunzire. Chachiwiri, nsalu ya yunifolomu tizisonkherana nkugula mpukutu wonse pamodzi, popeza mtengo wa pikupiku ngwotsika koposa wa mita imodziimodzi. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, pa ukwati ndi pa chinkhoswe tisakakamizane nsalu yofanana. Amene angathe agule. Amene sangathe abwere ndi chitenje chake chochapa ndi chosita, akhale kutsogolo pamodzi ndi anzake, ndipo pasapezeke womuyang'ana kumbali. Sitifuna kumvanso kuti mai wa bungwe lino wagulitsa mpunga wa mbeu kapena wapinyolitsa ndowa chifukwa choopa kusekedwa.

Kwa azibambo amene mudzawerenga mau awa tikuti, mukaona mai akupempha ndalama ya ulusi ndi sopo, musaumire, pakuti ndalama imeneyo ikupulumutsa ya malaya atsopano.